Kubweza Nsomba M'madzi Sikokwanira

Ine ndidakulira m'banja limene nsomba ndi ndiwo basi. Munthu akapita kukawedza, otsala pakhomo amatsukiratu mphika, ndipo akabwerako chimanjamanja onse amadziwa kuti tsikulo lamukana. Choncho pamene ndidamva koyamba kuti kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri, kukwera ndege, kukapsa ndi dzuwa tsiku lonse, kugwira nsomba yaikulu n'kuibwezanso m'madzi, ndidaseka kwambiri. Lero sindisekanso, pakuti usodziwu ndidauona ndi maso anga, ndidachita nawo chidwi, komanso ndidaona chilema chake. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza maganizo anga akuti m'madzi otentha a m'mphepete mwa nyanja yamchere, kubweza nsomba m'madzi pakokha sikokwanira. Msodzi amene akufuna kutchedwa wosamala zachilengedwe ayenera kudziwa nthawi yosiya kuwedza, ndipo eni dera ayenera kukhala ndi mphamvu yomuuza kuti asiye.

M'mwezi wa Disembala chaka cha 2022 ndidapita kukacheza kwa amalume anga amene amagwira ntchito yophika pa malo ena ogona alendo kufupi ndi Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Ulendo wake ndi wautali: kudutsa ku Tete, kukafika pamphambano ya Inchope, kenaka kulowera kummwera mpaka kuwoloka mtsinje wa Save. Munthu ukaima pagombe la Vilankulo umaona zilumba za Bazaruto, Benguerra ndi Magaruque. Zilumbazi zili m'dera lotetezedwa limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, ndipo m'chaka cha 2017 boma la Mozambique lidachita mgwirizano ndi bungwe la African Parks kuti aziyendetsera limodzi derali. M'madzi amenewa muli nyama yosowa yotchedwa dugong, imene imadya udzu wa pansi pa nyanja. Mulinso nsomba zamphamvu zimene zimakopa asodzi ochokera ku South Africa ndi kutali.

Kuti owerenga amvetse chimene ndikutsutsa, ndiyambe ndafotokoza usodzi umene Angerezi amautcha fly fishing. Ife tidazolowera mbedza yokhala ndi nyongolotsi kapena usipa, ndi kachitsulo kolemera kothandiza kuponya. Usodzi uwu ulibe nyambo yeniyeni. Pambedza amamangirira nthenga, ubweya ndi ulusi wonyezimira kuti ioneke ngati kansomba kapena kankhanu. Popeza nyambo yotereyi ndi yopepuka, chimene chimalemera ndi chingwe, ndipo msodzi amachigwedezera kutsogolo ndi kumbuyo m'malere mpaka chitatambasuka n'kukatera pamene akufuna. Kwathu kuno usodziwu si wachilendo kwenikweni, chifukwa atsamunda adaika nsomba zotchedwa trout m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba kuti aziwedza motere. Kusiyana kwake n'kwakuti kunyanja yamchere nsomba ndi zazikulu, mphepo ndi yamphamvu, ndipo madzi ndi otentha.

Chinthu choyamba chimene chimalamula usodziwu ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Nyanja yathu ya Malawi imakwera ndi kutsika potsata nyengo ya mvula, koma nyanja yamchere pa Vilankulo imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala watsopano ndiponso ukakhala wathunthu, madzi amakwera kwambiri ndi kutsikanso kwambiri. Akaphwa, mchenga umaonekera mtunda wautali, maboti n'kukhala pouma. Akayamba kubwerera, tinsomba ndi nkhanu zimalowa nawo m'malo osaya kukafuna chakudya, ndipo nsomba zazikulu zimatsatira pambuyo. Msodzi amaima m'madzi olekeza m'mawondo kudikira nthawi imeneyi.

Chachiwiri ndi kuwala kwa dzuwa. Msodzi wamtunduwu saponya mbedza mwachisawawa ayi. Amafuna ayambe waiona nsombayo, kapena mthunzi wake pamchenga, kenaka aponye nyambo patsogolo pake. Amavala magalasi apadera ochotsa kunyezimira kwa madzi, koma magalasiwo amathandiza bwino dzuwa likakwera, kuyambira chakum'mawa ndithu mpaka litapendeka. Mitambo ikaphimba, kapena mphepo ikavundula madzi, saona kanthu. Chachitatu ndi kutentha ndi mchere, zimene zimavuta ngakhale zipangizo. Chingwe chopangidwira mitsinje yozizira chimafewa ndi kumata chikafika kotentha, kotero pali zingwe zolimbirapo zopangidwira madera otere. Madzulo aliwonse zipangizo amazitsuka ndi madzi abwino, chifukwa lita imodzi ya madzi a m'nyanjayi imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, ndipo mcherewo umadya zitsulo.

Apa ndi pamene pagona vuto. Nyengo imene msodzi amaikonda, ya dzuwa lili paliwombo, madzi osaya ndi odekha, ndi yomweyo imene imaika moyo wa nsomba pachiswe. Madzi akamatentha, mpweya wa okosijeni umene angasunge umachepa. Lita imodzi ya madzi amchere otentha madigiri 20 imasunga mamiligalamu opitirira pang'ono 7 a okosijeni, koma pa madigiri 30 imasunga opitirira pang'ono 6. Pa nthawi yomweyo thupi la nsomba, limene limatentha molingana ndi madzi ozungulira, limafuna mpweya wochuluka. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, thupilo limagwira ntchito mofulumira pafupifupi kawiri. Motero nsomba imafuna mpweya wambiri pa nthawi imene madzi ali ndi wochepa. Ikakodwa pambedza n'kulimbana ndi chingwe, minofu yake imadzaza ndi asidi monga zimachitikira munthu akathamanga mopitirira muyeso, ndipo kuti ichire pamafunika maola angapo.

Tsiku lina amalume adandipemphera malo m'boti lonyamula alendo atatu, ntchito yanga ili yonyamula bokosi la chakudya ndi zakumwa. Woyendetsa boti adali bambo wachikulire wa komweko, wolankhula Chitswa ndi Chipwitikizi. Cha m'ma 12 koloko masana, mmodzi mwa alendowo adakola nsomba yotchedwa giant trevally, imene anthu a ku South Africa amaitcha kingfish. Nsomba za mtundu umenewu zimatha kukula kupitirira makilogalamu 70. Iyi sidali yaikulu chotero, komabe idamukoka mlendoyo kwa nthawi yaitali chifukwa ndodo ndi chingwe chake zidali zopepuka. Ataifikitsa pafupi, adainyamula m'madzi kuti amujambule. Chithunzi choyamba sichidamusangalatse, adajambulanso. Kenaka mnzake naye adafuna kuinyamula. Pamene amaibweza m'madzi, onse adaomba m'manja. Nsomba ija idasambira pang'ono chopendekeka, kenaka idatembenuka, mimba yake yoyera n'kuloza kumwamba, madzi n'kumaitenga pang'onopang'ono. Alendo adali atayang'ana kale m'kamera. Woyendetsa boti yekha ndi amene adaiperekeza ndi maso, osanena kanthu.

Madzulo ake ndidawafunsa amalume kuti, "Malume, bwanji bambo aja sadaitole nsomba ija kuti akadye ndi ana awo, popeza idali itafa kale?" Iwo adandiyankha kuti, "Mphwanga, lamulo la pantchito pano likuti nsomba ya mlendo ibwerere m'madzi. Silinena kuti ibwerere yamoyo. Akanaitola, mawa ntchito ikanatha." Yankho limeneli ndi limene lidandichititsa kulemba nkhani ino. M'buku la pamalopo nsomba ija idalembedwa kuti idabwezedwa. Mlendo adapita kwawo akudziona ngati mtetezi wa zachilengedwe. Nyanja idataya nsomba, ndipo palibe mwana aliyense amene adadya.

Wina anganene kuti ndikuweruza usodzi wonse ndi nsomba imodzi. Koma akatswiri adafufuzapo kale za nkhaniyi. M'chaka cha 2004, Steven Cooke ndi David Philipp adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo wa ku Bahamas wokhudza nsomba yotchedwa bonefish, imene asodzi amtunduwu amaikonda kwambiri. Adapeza kuti pamalo pamene padali mashaki ambiri, pafupifupi nsomba 4 mwa 10 zilizonse zobwezedwa m'madzi zidagwidwa ndi mashakiwo posakhalitsa. Kafukufuku wina wa m'chaka cha 2007, wotsogozedwa ndi Sascha Danylchuk, adaonetsa kuti nsomba imene yatopa mpaka kulephera kusambira chilili imagwidwa mosavuta kuposa inzake, ndipo kuisunga kunja kwa madzi kumawonjezera vutoli. Choncho imfa zambiri zimachitika msodzi atatembenuka kale. Chimene maso sadaone mtima suwawa, ndipo n'chifukwa chake msodzi amagona tulo tabwino.

Vutoli likukulirakulira chifukwa nyanja zikutentha. Pa 24 Julaye 2023, chipangizo choyezera kutentha kwa madzi pa Manatee Bay ku Florida chidaonetsa madigiri opitirira 38. Awa ndi madzi osaya a mtundu womwewo umene asodziwa amaukonda. Ifenso mphamvu ya nyanja yotentha tidaiona, pakuti namondwe amatenga mphamvu zake kuchokera ku madzi otentha. Namondwe wa Freddy adagwa pamtunda pafupi ndi Vilankulo mu Febuluwale 2023, patangopita miyezi iwiri ine nditachokako, ndipo mu Malichi adabwereranso kudzera ku Quelimane n'kudzasakaza chigawo cha kummwera kwa Malawi. Malamulo a usodzi amene adalembedwa pa nthawi imene madzi adali ozizirirako sangakhale okwanira lero.

Ndiyenera kuvomereza mfundo za amene amauteteza usodziwu, chifukwa ndi zomveka. Yoyamba ndi yakuti nsomba yamoyo imabweretsa ndalama kangapo, pamene yakufa imagulitsidwa kamodzi. Maiko ena adaiona mfundoyi n'kuiika m'malamulo. M'chaka cha 2009 dziko la Belize lidalamula kuti nsomba za bonefish, permit ndi tarpon zizibwezedwa m'madzi zikagwidwa. Chigawo cha Florida chidachitanso chimodzimodzi pa bonefish ndi tarpon m'chaka cha 2013, ndipo mu 2017 dziko la Bahamas lidakhazikitsa malamulo ofuna chiphaso kwa wowedza m'malo osaya. Malipiro a amalume anga, amene adandithandiza pa sukulu, amachokera kwa alendo omwewa. Ndingakhale wosayamika nditati usodziwu uthe.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti wogwiritsa ntchito khoka amapha nsomba zonse zimene wagwira, zazikulu ndi zazing'ono, pamene mlendo wa mbedza imodzi amabweza zambiri zamoyo. Izi ndi zoona, ndipo makoka a maso ang'onoang'ono awononga kwambiri, kwathu kuno ngakhalenso kwa anzathuwo. Komabe pali kusiyana kumene sitiyenera kukubisa. Wa khoka akufuna chakudya ndipo sanena kuti sakupha. Mlendo akufuna chisangalalo ndipo akunena kuti sakupha. Mawu akewo ndi amene amamutsegulira malo amene ena amaletsedwa kuponya ukonde. Ngati mwayi wapaderawu waupeza chifukwa cha lonjezo losapha, ndiye kuti tili ndi ufulu womufunsa ngati lonjezolo likusungidwa. Komanso nsomba zimene iye amasaka ndi zazikulu, zomwe zimaikira mazira ochuluka, kotero imfa ya imodzi ndi yolemera kuposa mmene chiwerengero chikuonetsera.

Palinso ena amene amapitirira apa, n'kunena kuti kuvutitsa nsomba pofuna kusewera ndi nkhanza basi. Dziko la Switzerland, m'malamulo ake osamalira nyama a m'chaka cha 2008, lidaletsa kuwedza ndi cholinga chodzabweza nsombayo. Agogo anga akanagwirizana nawo, chifukwa kwathu mwana amadzudzulidwa akamaseweretsa chakudya. Ine sindifika pamenepo. Dziko lolemera lingakwanitse kutseka khomo limeneli, koma gombe limene achinyamata ake alibe ntchito silingataye ndalama za alendo chifukwa cha mfundo yokhayi. Chimene ndikupempha ndi chakuti usodziwu uzichitika moona mtima, ndipo njira zake zilipo.

Njira yoyamba ndi kupumitsa usodzi madzi akatentha kwambiri. Izi si zachilendo. M'chigawo cha Montana ku America, mitsinje ikatentha kufika madigiri pafupifupi 23 kwa masiku atatu otsatizana, akuluakulu amatha kuletsa kuwedza kuyambira 2 koloko masana mpaka pakati pa usiku pofuna kuteteza trout. Nsomba za kunyanja yamchere zimapirira kutentha kuposa pamenepo, kotero muyeso wake ukhala wosiyana, ndipo ndi ntchito ya akatswiri kuupeza pa mtundu uliwonse wa nsomba. Chofunika n'chakuti boti lililonse likhale ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi, komwe mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa chingwe chimodzi. Pamafunikanso kuyang'ana nyanja osati wotchi yokha, chifukwa madzi obwera pamene nyanja ikudzaza amakhala ozizirirako kuposa amene akhala padzuwa pamchenga kwa maola ambiri. Kwathu nzeru yopumitsa madzi tili nayo kale: pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambiri, ndipo asodzi amamvera.

Njira yachiwiri ikukhudza manja a msodzi. Agwiritse ntchito ndodo ndi chingwe cholimba kuti kulimbana kuthe msanga. Ena amanyadira kugwira nsomba yaikulu ndi chingwe chopyapyala, koma amene amalipira ulemu umenewo ndi nsomba. Aphwanye kamunga ka kunsonga kwa mbedza kuti isavute kuchotsa. Anyowetse manja asanaigwire, kuti asachotse choterera cha pakhungu chimene chimaiteteza ku matenda, ndipo asapise zala mopumira mwake. Chithunzi achijambule nsomba ili m'madzi, kapena ainyamule kwa masekondi owerengeka okha. Munthu amene wangomaliza kuthamanga mtunda wautali sangapirire atamizidwa mutu m'madzi, ndipo nsomba yotopa ikatulutsidwa kunja zimakhala chimodzimodzi. Shaki ikaoneka, boti lisamukire pena.

Njira yachitatu, imene ndikuiona kuti ndi yaikulu pa zonse, ndi kupereka mphamvu kwa eni dera. Woyendetsa boti uja amadziwa bwino lomwe kuti nsomba ija ifa. Adakhala chete chifukwa mphatso ya kumapeto kwa ulendo imadalira kumwetulira kwa mlendo. Bola akanakhala ndi chiphaso cha boma chomuzindikira ngati mlangizi wa usodzi, malipiro okhazikika, ndi lamulo lomuteteza akanena kuti lero takwanira. Anthu amene adabadwira pagombe amadziwa mphepo, mwezi ndi mayendedwe a madzi kuposa buku lililonse. Kuwagwiritsa ntchito ngati onyamula katundu okha ndi kutaya nzeru. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pano amene sakufunsa ndi mlendo pamodzi ndi bwana wa malo ogona.

Njira yomaliza ndi ya nsomba imene yafa ngakhale osamala atayesetsa. Maganizo anga ndi akuti itoledwe, ilembedwe m'buku kuti yafa, ndipo iperekedwe ku mudzi wapafupi. Ndikudziwa kuti ena adzaopa kuti anthu aziipha dala. Mantha amenewa angachepe ngati nsombayo sipita kwa mlendo kapena kwa woyendetsa boti, komanso ngati malo ogona alendo amene alemba imfa zambiri afunsidwa mafunso ndi oyang'anira dera. Ubwino wake ndi wakuti chiwerengero chidzayamba kunena zoona. Pakali pano buku limene lili ndi malo olembapo nsomba zogwidwa ndi zobwezedwa zokha limapangitsa aliyense kukhulupirira kuti palibe imene ikufa, ndipo palibe amene angakonze vuto limene silidalembedwe paliponse.

Pomaliza, ndibwereze kuti sindikudana ndi usodzi wa nthenga. Ndidaona mlendo wina wachikulire ataima chete m'madzi kwa ola lathunthu, n'kuponya kamodzi kokha, kugwira nsomba, kuimasula ili m'madzi momwemo, ndipo idathawa ngati muvi. Dzuwa litakula adapinda ndodo yake n'kukakhala pamthunzi, ngakhale kuti adalipira tsiku lonse. Munthu ameneyu ndidamulemekeza. Koma khalidwe lotere lisadalire mtima wa mlendo mmodzimmodzi. Likhale lamulo lolembedwa, lodziwika kwa mlendo asanakwere boti, ndipo wolisunga akhale mwana wa pagombepo. Anzanga ophunzira, ena mwa ife tidzagwira ntchito zokopa alendo, ena tidzalemba malamulo, ena tidzamasulira malamulowo m'zilankhulo za anthu athu. Tikadzamva wina akunena kuti nsomba zonse zidabwezedwa m'madzi, tidzakhale ndi chizolowezi chofunsa kuti mwa zobwezedwazo ndi zingati zidakhala ndi moyo.